Njerwa za pa Mishoni ya Blantyre

Ambiri a ife okhala ku Zomba, ku Chiradzulu kapena ku Thyolo timapita ku Blantyre pokhapokha pali chotipititsa: kukazonda wodwala ku Queens, kukaoda katundu ku Limbe, kukaperekeza m'bale wokwera basi ya ku Joni pa Wenela. Zikangotheka timathamangira minibasi dzuwa lisanapendeke. Motero munthu amatha kumera imvi akudziwa mtengo wa belo la kaunjika ku Limbe, koma osadziwa kuti Kabula ameneyu anayambira pati. Chonsecho pamene anayambira ndi pafupi ndi Wenela pomwepo. Ukatsata msewu wa ku Chileka wapansi kwa mphindi zochepa, umalowa m'bwalo la mishoni ya CCAP, pamene pali sukulu ya HHI, ndipo pakati pa mitengo pamaonekera tchalitchi chofiira cha St Michael and All Angels.

Tsiku limodzi ndi lokwanira kuona chiyambi cha mzindawu, bola ukhale ndi munthu wodziwa kuyang'ana khoma. Ine ndinali ndi amalume anga, amene akhala akumangira anthu nyumba kuyambira ndisanabadwe. Alendo ambiri akafika amayamba ndi kubwerera m'mbuyo kuti nyumba yonse ikwane m'foni. Amalume anangolunjika pakhoma n'kuyamba kupima njerwa ndi chikhatho.

Amishoni a Church of Scotland anakhazikika pano mu October 1876, m'dera la mfumu Kapeni, pamalo amene Henry Henderson anasankha atayendayenda ndi Tom Bokwito. Malowo anawatcha Blantyre, dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. M'busa David Clement Scott anabwera mu 1881, ndipo mu 1888 anayambitsa ntchito yomanga tchalitchichi, chimene chinapatulidwa pa 10 May 1891. Scott sanapite kusukulu ya zomangamanga. Amuna amene anagwira naye ntchito, anthu a kuno konkuno, anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewu. Pulani yatsatanetsatane yojambuliratu papepala panalibenso. Zinthu zitatu zimenezi zitakumana masiku ano, khonsolo singalole ngakhale kukumba fandeshoni. Koma nyumbayi yaima zaka zoposa 130, ndipo anthu akupemphereramo mpaka lero.

Chifukwa chimene zonse pano zilili za njerwa chagona pa mmene katundu ankafikira ku Blantyre masiku amenewo. Njanji inafika mu 1908. Isanafike, chilichonse chochokera kunja chinkabwera pa sitima zapamadzi mumtsinje wa Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, ndipo kuchokera kumeneko chinkakwera phiri pamitu ya amtengatenga. Galasi, misomali, mabuku, zimenezi munthu akhoza kusenza. Khoma sangasenze. Chinthu cholemera chinayenera kuchokera pansi pamene anthu aponda, ndipo njerwa zonse za tchalitchichi zinaumbidwa ndi kuotchedwa pamalo pomwepa, ndi dothi la pompano, moto wake wa nkhuni.

Kuumba njerwa kumayamba ndi kudziwa dothi. Lamchenga kwambiri siligwirana. Njerwa yake imayoyoka ukaikanda ndi chikhadabo. Lamakande lokhalokha limagwirana bwino likadali lonyowa, koma likamauma limakokana n'kung'aluka. Woumba amafuna lapakati, ndipo makina olipimira alibe. Amatapa dothi lonyowa, kulifumbata, kulipota pakati pa zikhatho mpaka litatalika, n'kuona ngati likuduka msanga kapena likulola kupindika. Dothi lapamwamba, lokhala ndi mizu ndi zinyalala, amalikankhira pambali, chifukwa muzu ukapsa mu uvuni umasiya mphako m'kati mwa njerwa. Timiyala natonso amatola, pakuti mwala sukokana pamodzi ndi dothi, ndipo pamene wakhalapo m'pamene pamayambira mng'alu. Akatero amathira madzi m'nkhuti, dothi n'kugonera usiku wonse, m'mawa anthu n'kulowamo ndi mapazi. Phazi limaswa zigulumwa, limatulutsa mpweya, ndiponso limamva kamwala kamene diso silinakaone. Likayamba kuzuka movutikira, dothi likulikakamira mpaka m'kakolo, ndiye kuti dothilo lafika.

Njerwa imene amalume ankaipima ija ndi yaikulu kuposa zimene tinazolowera. Yofala kwambiri pamakoma amenewa ndi ya mainchesi 12 m'litali, 6 m'lifupi ndi 3 kuchindikala kwake, kapena kuti pafupifupi masentimita 30, 15 ndi 7 ndi theka. Taonani mmene manambalawa akumvanirana. Mitu iwiri yogundana ikufanana ndi njerwa imodzi yogona m'litali, ndipo zinayi zoimiritsidwa chammbali zikufanananso nayo. Njerwa yotere ungaitembenuze mmene ungafunire, imapezabe malo pakati pa zinzake. Kwa anthu amene ankaphunzira ntchito ali pantchito pomwepo, muyeso umenewu unkawachotsera masamu ambiri.

Komatu njerwa ya mainchesi 12 situluka m'chikombole cha mainchesi 12. Dothi limakokana likamauma, n'kukokananso pang'ono pamoto, choncho kalipentala amakhoma chikombole chokulirapo. Kukula kwake kumatengera dothi lake, ndipo njira yodziwira ndi imodzi basi: kuumba zingapo, kuziotcha, kuzipima, n'kubwerera kukakonza chikombole. Woumba amaviika chikombolecho m'madzi kapena kuchiwaza mchenga kuti dothi lisakakamire. Amatapa dothi lodzaza manja awiri n'kuliponyamo mwamphamvu, chifukwa kuponyako ndi kumene kumalifikitsa m'makona onse anayi. Amakanikiza ndi zala m'mbali, kusalaza pamwamba ndi kathabwa, mnyamata n'kunyamula, liwiro kupita pabwalo losesedwa bwino, kuvundikira pansi, kukweza chikombole mowongoka. Akachikweza mopendeka njerwa imatuluka yokhota mlomo, ndipo kukhotako kudzaoneka pakhoma zaka zonse.

Mpaka apa ndi ntchito imene imachitika m'mudzi uliwonse mvula ikatha. Chodabwitsa cha St Michael chimayamba ukakweza maso. Amene anayesa kuwerenga amati nyumbayi ili ndi mitundu ya njerwa pafupifupi 81. Zina n'zozungulira mbali imodzi, ndipo zikasanjikizana zimapanga mzati wobulungira. Zina n'zazikulu kumutu kuno, zocheperako kumutu uko, zoyenera pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Ziliponso zodulidwa kona, zokumbika pakati, zotuluka mlomo kuti zipange mkombero wozungulira khoma. Zimene m'matchalitchi akale a ku Ulaya ankasema pamwala, pano anaziumba ndi dothi.

Ntchito ya kalipentala pamenepa ndi yozunguza mutu. Chikombole ndi njerwa yotembenuza: pamene njerwa iyenera kutukuka, thabwa liyenera kukumbika, ndipo pamene njerwa iyenera kulowa, thabwa liyenera kutukuka. Wosema amaganiza chammbuyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ayeneranso kusiyira dothi njira yotulukira. Kamphako kamodzi kolowa m'kati molakwika kamagwira njerwa, ndipo pokweza chikombole mlomo wonse umatsalira m'thabwa. Kukokana kuja nako kumavuta kwambiri pa njerwa yokhota, chifukwa mbali yochindikala imauma mochedwa kuposa yopyapyala. Imodzi ikakokana mosiyana ndi zinzake, mzere wa mzati umathyoka, ndipo diso silichedwa kuona. Ndinatsata mkombero umodzi ndi chala mpaka pamene mkono wanga unalekezera. Njerwa zina zadyeka ndi mvula, koma mzere wake ukuyendabe osasochera. Ndiye pali ntchito ina imene sioneka pakhoma: mitundu yonseyo inayenera kusanjidwa payokhapayokha, kuti womanga ali pamwamba akaitanitsa njerwa yakutiyakuti, wapansi asamuponyere ina.

Njerwa yaiwisi imaopa mvula, imaopanso dzuwa lomwe. Ikauma msanga kunja m'kati mukadali monyowa imang'aluka, n'chifukwa chake masiku oyamba amaifunditsa udzu, kenaka kuiimiritsa chammbali kuti mphepo iombe mbali zonse, kenaka kuisanja mipatamipata. Imeneyi ndi ntchito ya chilimwe. Pakati pa 1888 ndi May 1891 mvula inabwera katatu, choncho oumba anayenera kuwerengeratu njerwa zokwanira miyezi imene bwalo limakhala matope okhaokha.

Uvuni wa nkhuni umamangidwa ndi njerwa zomwe zikufuna kuotchedwazo. Pansi amasiya makomo, tinjira todutsa mbali ina kukatulukira ina, mmene mumalowa nkhuni. Pamwamba pa makomowo njerwa amazisanja motalikirana pang'ono, mpata wolowa chala, kuti moto upeze pokwerera. Kunja amamata ndi matope kuti kutentha kusathawe. Moto woyamba umakhala waung'ono dala. Utsi wake umatuluka woyera, chifukwa ndi madzi otsalira m'njerwa amene akuchoka. Ukapupuluma kusonkhezera panthawi imeneyi, nthunzi imaphulitsa njerwa m'kati mwa uvuni, iwe n'kumangomva kuthetheka. Utsi woyera ukatha m'pamene amaponya zipika zikuluzikulu, usana ndi usiku, anthu akulandirana tulo, wina maso ali kumene kukuchokera mphepo kuti atchinge khomo la mbali imeneyo moto usathamangire kumodzi. Pomaliza amatseka makomo onse ndi njerwa ndi matope, n'kuusiya uvuni uzizire wokha kwa masiku angapo. Wosaugwira mtima, wopasula usanazizire, amakolola zidutswa.

Mu uvuni umodzi simutuluka njerwa zofanana. Zapafupi ndi moto zimada, zina mpaka kunyezimira ndi kupindika. Zapakati zimafiira bwino. Zam'mbali zimatuluka zotuwa, zosapsa. Kusankha kwake amagundanitsa ziwiri, kapena kugogoda ndi mpeni womangira: yakupsa imalira kuti ngwee, yosapsa imangoti phu. Makoma a St Michael akuonetsabe moto umenewo. Sanafiire mofanana. Pali njerwa zofiirira, zoderako, zotumbuluka, ndipo ukaima chapatali mitunduyo imalowana n'kukhala mtundu umodzi umene sungaupeze m'chitini cha penti.

Kasanjidwe kake ndi kamene amisiri amati English bond. Mzere umodzi njerwa zonse zimagona motsata khoma, iwe n'kumaona mbali yake yaitali. Mzere wotsatira zonse zimagona chopingasa, mitu yokha ndiyo imaonekera kunja, matupi atalowa m'kati mwa khoma. Kenaka motsata, kenaka chopingasa, mpaka pamwamba. Zopingasazo ndizo zimalumikiza nkhope yakunja ya khoma ndi yam'kati kuti zisasiyane, ndipo mpata wa pakati pa njerwa ziwiri sugwera pamwamba pa mpata unzake. Mng'alu ukayamba supeza njira yowongoka. Pamzere wotsatira umakumana ndi njerwa yathunthu. Nyumba zambiri za masiku ano timangogoneka njerwa motsata khoma, n'kudalira simenti, bimu ndi pulasitala. Pano makoma akunja ali pambalambanda. Mzere ukapendeka, wapendeka pamaso pa anthu onse.

"Mphwanga, pakati pa khoma aliyense amatha," anatero amalume akundikokera kumbali. "Tiye pakona."

Pakona m'pamene makoma awiri amalumana, ndipo womanga amayamba kukweza pamenepo asanamange pakati. Akakweza makona awiri mizere ingapo, amakoka chingwe kuchokera kona ina kufika ina, ndipo njerwa zonse zapakati zimangomvera chingwecho. Kona ikapendeka pang'ono pokha, khoma lonse limaitsatira. M'kasanjidwe aka pamafunikanso kanjerwa kopyapyala, theka la mutu wa njerwa, kamene kamalowa pafupi ndi kona pamzere wa zopingasa. Ntchito yake ndi kusuntha mzere wonse pang'ono kuti mipata isagwerane. Nyumba yamakona anayi imakhala ndi mayeso anayi otere. Iyi, ndi nsanja zake, zipilala zake ndi mbali zake zotulukira kunja, ili ndi makona osawerengeka.

Nanga popanda pulani ankadziwa bwanji chochita? Chigawo chilichonse ankayamba achiyesa ndi njerwa zokhazokha, popanda matope omangira. Ankasanja, kuyang'ana, kupasula, kusintha, kusanjanso, mpaka chitakhala bwino, ndiyeno n'kuchimanga zenizeni. Wina angati imeneyi ndi njira ya anthu osadziwa ntchito. Ine ndikuona kuti kwa anthu amene anali pamalopo inali njira yolondola kuposa pepala. Pepala limafuna kuti onse adziwe kuliwerenga, ndiponso limanena za njerwa yongoganizira, yowongoka mbali zonse. Kusanja kotere kumagwiritsa ntchito njerwa yeniyeni imene yatuluka mu uvuni, ndi zilema zake zomwe. Aliyense woima pamenepo, kaya amalankhula Chimang'anja, Chiyao kapena Chingerezi, akuona chinthu chimodzi, ndipo wosagwirizana nacho akhoza kungotambasula dzanja n'kusuntha njerwa. Ngati pakusowa njerwa ya mtundu wina kuti mkombero utseke, mpata wake ukuoneka ndi maso, ndipo kalipentala akhoza kuupima pomwepo n'kukasema chikombole chatsopano. Ndikuganiza kuti yambiri mwa mitundu 81 ija inabadwa motero, umodziumodzi, khoma likamaifuna. Phindu lina n'lakuti chimene chaima popanda matope chaima ndi kulemera kwake ndi kasanjidwe kake. Matope amangobwera kudzadzaza mipata ndi kugawa kulemerako mofanana.

Pamwamba pa zitseko ndi mawindo palibe konkire ndi zitsulo monga timachitira lero. Pali chimene amisiri amati arch, njerwa zosanjidwa mokhota kuchokera mbali ina ya khomo kukatsikira mbali inayo. Ife tingoti uta. Kumanga uta kumayambanso ndi kalipentala, amene amakhoma matabwa okhota molingana ndi mpata umene ukufunika, n'kuwachirikiza ndi mitengo. Omanga amayala njerwa pamsana pa matabwawo kuchokera mbali zonse ziwiri, kumanzere imodzi, kumanja imodzi, kuti asalemedwe mbali imodzi. Njerwa iliyonse iyenera kuloza pakatikati pa uta, ndipo amatsimikiza ndi chingwe chomangidwa pamsomali pakatipo: akachikoka, chiyenera kugona motsata mbali ya njerwayo. Yotsiriza imalowa pamwamba penipeni, yothina. Matope akagwira amamasula mitengo ija pang'onopang'ono, matabwa n'kutsika, njerwa n'kutsala m'malere. Iliyonse ikufuna kugwa, koma njira yake yatsekedwa ndi inzake, ndipo khoma la pamwamba likamalemera m'pamene zimathinana kwambiri.

Uta uli ndi khalidwe limodzi lofunika kulisamala. Kulemera kumene walandira umakukankhira m'mbali, kufuna kutangadza miyendo. N'chifukwa chake kunja kwa tchalitchichi kuli zipilala zochindikala zogwira khoma. Wongodutsa amaziyesa zokongoletsa, koma ntchito yake ndi kulandira kukankhako n'kukutsitsira pansi. M'kati, pamene mauta atsatizana pamizati, amathandizana okha: uwu ukukankha uwo, uwo ukubweza, mzati wapakati n'kungosenza kulemera kolunjika pansi. Wovutika ndi wakumapeto, umene ulibe mnzake kutsidya, ndipo kumeneko n'kumene kumafunika khoma lolemera.

Nyumbayi inamangidwa mwa mtanda, ndipo pamene mikono ya mtandawo imakumana pali denga lobulungira lotchedwa dome. Vuto loyamba n'lakuti pansi pali makona anayi pamene pamwamba pakufunika bwalo lozungulira. Omanga amathana nalo m'makonamo, potulutsa njerwa pang'ono pamzere uliwonse mpaka makona atafafanizika. Kuchokera pamenepo dome ya njerwa imakwera mmene amayi amaumbira mbiya, mkombero pamwamba pa mkombero, uliwonse wocheperako ndi wopendekera m'kati kuposa wapansi pake. Mkombero ukatsekeka umadzigwira wokha, chifukwa njerwa zonse zikukankhira pakati ndipo palibe yopatsa inzake njira. Nthawi yoopsa ndi pamene usanatsekeke, makamaka chakumwamba kumene njerwa zatsala pang'ono kuima chamutu. Apa womanga amadalira matope omata bwino, chochirikiza pansi, ndi manja ofulumira.

Ukalowa m'kati umadabwa kuti nyumbayi ndi yaing'ono. M'litali ndi mafiti pafupifupi 106, m'lifupi 30, ndipo msana wa denga uli pa mafiti 37. M'mamita ndi pafupifupi 32, 9 ndi 11. Matchalitchi ambiri atsopano a mumzinda momwemu amaiposa kutalitali. Pazithunzi imaoneka yaikulu chifukwa diso silipeza khoma lopanda kanthu loti lipumirepo: apa zenera, apa mzati, apa mkombero, apa kansanja, ndipo chilichonse chili pamuyeso wa njerwa, motero umayesa kuti pali mtunda wautali. Nsanja ziwiri za kutsogolo sizofanana. Katswiri wa mapulani akanazijambula mapasa, imodzi n'kungoitembenuza. Kwa ine kusiyanako kukugwirizana ndi mmene nyumba yonse inamangidwira, chigawo chilichonse kuchiganizira pachokha nthawi yake ikafika. Zina zinabwera pambuyo: limba lalikulu la mapaipi linaikidwa mu 1907, magetsi mu 1912. Sukulu ya HHI, yotchedwa dzina la Henderson uja, inatsegulidwa mu 1909.

Masana tinatsika wapansi kudutsa m'tauni, kuwoloka Mudi, kukwera ku Mandala. Kumeneko kuli nyumba yakale kuposa tchalitchi chija, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene inayambira ku Glasgow mu 1878 ndipo kuno inkayendetsedwa ndi John Moir ndi m'bale wake Frederick. Dzina loti Mandala linachokera pa magalasi amene John ankavala. Nyumbayi ndi yosanja, ndipo imadziwika kuti ndi yakale kwambiri mwa nyumba zimene zikadaimabe m'dziko muno. M'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, mmene muli mabuku ndi zithunzi zakale za mzindawu.

Ukachoka ku St Michael, nyumba ya Mandala imaoneka yosadzitama, koma nayo ili ndi nzeru yake. Inamangidwa ndi zipangizo za pompano, njerwa ndi matope, ndipo khoma lotere mdani wake wamkulu ndi madzi. Yankho la omanga linali khonde lalikulu lozungulira nyumba. Mvula yowomba ndi mphepo imathera pakhondepo, madzi otsika padenga amagwera kutali ndi maziko, ndipo dzuwa la mu October silifika pakhoma. Makoma ochindikala amachedwa kutentha, choncho m'kati mumazizira bwino popanda fani. Nyumba ziwirizi zinakumana ndi mvula imodzimodzi. Ina inaotcha njerwa zake mpaka zitatha kupirira pabwalo, ina inabisa makoma ake pansi pa denga.

Zotsala za tsikulo zinali zongodutsa. Mu Victoria Avenue muli holo yakale ya tauni ya mu 1903, yapanikizika pakati pa nyumba zazitali za magalasi. Blantyre anakhala ndi khonsolo yake mu 1895, Limbe anakula chifukwa cha njanji, ndipo matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956. Ukamayenda m'misewu imeneyi maso ali pamakoma, umaona pamene simenti, zitsulo ndi malata zinayamba kufika mosavuta: mauta amasowa, pamwamba pa zitseko pamawongoka, njerwa imabisika kuseri kwa pulasitala.

Masiku ano njerwa yootcha ndi nkhuni ikutha mphamvu. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga sailola pa nyumba za boma ndi zamalonda, ndipo ukayang'ana phiri la Ndirande mmene linayerera sungatsutse. M'malo mwake muli mabuloko a simenti, amene amatuluka m'makina onse ofanana. Izi zikutanthauza kuti njerwa imodzi yokhota ikafumbutuka pakhoma lakale, yolowa m'malo mwake sungaigule pahadiweya. Amalume anafotokoza mmene iwo angachitire. Choyamba n'kukolopola matope ozungulira njerwa yodwalayo ndi chitsulo chopyapyala, pang'onopang'ono, osamenya ndi hamala yaikulu kuopa kugwedeza zinzake. Kenaka kupima njerwa yamtundu womwewo imene ikadali yabwino, kujambula mkombero wake pakatoni, kupita nayo kwa kalipentala kuti aseme chikombole chokulirapo pang'ono. Kuumba zambiri ngakhale ikufunika imodzi, chifukwa zina zidzakhota, zina zidzapserera, ndipo mwa zotsalazo uyenera kusankha yofanana mtundu ndi zoyandikana nayo. Poikhazika, ainyowetse kaye kuti isamwe madzi a m'matope, ndipo matope ake akhale a laimu ndi mchenga. Simenti yolimba kwambiri imatsekera chinyezi m'njerwa yakale, chinyezicho n'kutulukira pankhope ya njerwa, nkhopeyo n'kusupuka, mzere wa simenti n'kutsala uli chiimire pakati pa njerwa zodyeka.